Adasaka kwa zaka 51: kodi Domasi ikutolapo chiyani?

Funsani mwana wa sekondale m'chigwa cha Domasi kuti m'kati mwa atomu muli chiyani, akuyankhani mosajejema kuti muli proton, neutron ndi electron. Mayina atatuwa adawaloweza ngati pemphero la m'mawa. Koma mukamufunsa kuti amene adalemba m'bukumo adadziwa bwanji, popeza atomu sioneka ndi maso, ambiri amangozyolika n'kumakanda pansi ndi chala.

Mwanayo alibe mlandu. Ngakhale aphunzitsi ake ambiri adaphunzira choncho: kukopera zapabolodi, kuloweza, n'kukabweza pa mayeso.

Funso loti "mwadziwa bwanji?" ndi lolemera ku Domasi kuposa kwina kulikonse m'dziko muno. M'chigwachi, kunsi kwa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndi momwe muli Malawi Institute of Education, bungwe lomwe limakonza masilabasi a sukulu zathu, komanso Domasi College of Education, yomwe kuyambira 1993 yakhala ikusula aphunzitsi a m'sukulu za sekondale. Zomwe zaphikidwa ku Domasi amadya ndi mwana wa ku Chitipa ngakhalenso wa ku Nsanje.

N'chifukwa chake nkhani ya akatswiri a sayansi omwe adatha zaka 51 akusaka kachidutswa kamodzi kosaoneka ndi maso, n'kulakwitsa poyera panjira, kenaka n'kudzakapeza, ndi yofunika kuiunguza bwino. Poyamba imamveka ngati ya azungu okhaokha. Koma m'kati mwake muli phunziro lomwe likukhudza kalasi iliyonse ya sayansi kuno kwathu.

Mafuwa atatu

Tiyambe ndi proton ija mwana adaloweza. M'chaka cha 1964, akatswiri awiri, Murray Gell-Mann ndi George Zweig, aliyense payekha, adabwera ndi ganizo loti proton ndi neutron si mathero a zinthu. M'kati mwake muli tizidutswa tina tating'ono kwambiri tomwe Gell-Mann adatitcha ma quark.

Proton ili ndi ma quark atatu, neutron nayonso atatu, ngati mafuwa a pamoto. Pali mtundu wina wa tizidutswa tomwe tili ndi awiri okha: quark imodzi ndi inzake yotsutsana nayo, yomwe amati antiquark. Tizidutswa tonse topangidwa ndi ma quark, kaya ndi atatu kaya ndi awiri, dzina lake limodzi ndi ma hadron.

Chodabwitsa n'chakuti quark sipezeka yokha. Mphamvu yomwe imamanga ma quark pamodzi sitha ngakhale muwakoke motani. Mukalimbikira kukoka, m'malo moti imodzi ithothoke, mphamvu yanuyo imasanduka ma quark ena atsopano, ndipo mumangotsala ndi timagulu tiwiri m'malo mwa kamodzi.

Koma masamu a Gell-Mann sadaletse kuti mafuwa akhale anayi kapena asanu. Iye mwini adalemba chaka chomwecho kuti timagulu totere tikhoza kukhalapo. Ka ma quark anayi adadzakatcha tetraquark, ka asanu pentaquark. Awa ndiwo ma hadron achilendo. Vuto lidali lakuti kwa zaka pafupifupi 40 palibe adatsimikiza kuti wakaona ngakhale kamodzi. Ndipo funso lidali lalikulu: ngati masamu akulola koma chilengedwe sichikuonetsa, kodi cholakwika ndi masamuwo kapena maso a ofufuza?

Amasaka bwanji chosaoneka?

Tizidutswa totere sititoledwa pansi ngati mtedza. Timayenera kupangidwa, ndipo timapangika pokhapokha tizidutswa tina tikawombana mwamphamvu zedi.

Makina aakulu kwambiri ochitira zimenezi ndi Large Hadron Collider, a bungwe la CERN lomwe lidakhazikitsidwa mu 1954 pafupi ndi mzinda wa Geneva, m'malire a Switzerland ndi France. Ndi ngalande yozungulira ya makilomita 27, pafupifupi mamita 100 pansi pa nthaka. Kutalika kwakeko kukuyandikira ulendo wochoka mumzinda wa Zomba kufika pa Domasi n'kubwereranso. M'menemo ma proton amathamangitsidwa pa liwiro loyandikira la kuwala, ena kulowera uku ena uko, ndipo magulu awo amakumana maulendo ofika 40 miliyoni pa sekondi imodzi.

Ngakhale makina amenewa sadayambe bwino. Adawayatsa mu September 2008 ndipo patangotha masiku asanu ndi anayi adaonongeka chifukwa cha malo amodzi omwe magetsi adalumikizidwa molakwika. Adadzayambanso mu November 2009.

Pentaquark ikapangika imasweka nthawi yomweyo. Moyo wake ndi waufupi kwambiri moti kuwala, komwe kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, sikungathe kudutsa ngakhale atomu imodzi iyo isadasweke. Choncho palibe adaionapo. Zomwe akatswiri amaona ndi zidutswa zotsala, monga munthu wopeza mapale pabwalo m'mawa n'kuwerengera kuti mbiya yomwe idasweka usiku idali yaikulu bwanji.

Koma mapale a mbiya imodzi sakwanira. Taganizani kuti mwaima pamsika wa Songani ndi sikelo, mukuyeza thumba lililonse la mpunga lomwe likudutsa. Ena abwera ndi makilogalamu 7, ena 23, ena 41, mosiyanasiyana. Mukayeza matumba 30 okha n'kupeza atatu olemera mofanana, zikhoza kungochitika. Koma mukayeza matumba masauzande n'kupeza mulu waukulu wa olemera ndendende makilogalamu 50, mudziwa kuti kwinakwake kuli munthu amene akulongedza pa muyeso umenewo. Umu ndi momwe kachidutswa katsopano kamadziwikira: mulu wa zotsatira zounjikana pa kulemera kumodzi.

Chikomekome cha mkuyu

Chaka cha 2003 chidabweretsa nkhani ziwiri, zonse kuchokera ku Japan, ndipo mathero ake adasiyana.

Yoyamba idachokera ku gulu lotchedwa LEPS, lomwe lidalengeza kuti laona zizindikiro za pentaquark yomwe idatchedwa Theta-plus. Chimwemwe chidali chachikulu chifukwa mu 1997 akatswiri atatu a ku Russia adali atalosera kuti kachidutswa kotere kadzapezeka cha pa kulemera komweko. Posakhalitsa magulu ena pafupifupi khumi m'maiko osiyanasiyana adati nawonso aona zomwezo. Nyuzi za sayansi zidalemba kuti kusaka kwatha.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Magulu ambiri mwa amenewa adali atayeza matumba ochepa. Gulu la CLAS la ku Jefferson Lab m'dziko la America, lomwe nalonso poyamba lidati laona, lidabwereza kafukufukuyo ndi zotsatira zochuluka kwambiri. Mu 2005 lidalengeza kuti mulu uja palibe. Ena atabwereza adapezanso zomwezo. Pofika 2008, Particle Data Group, gulu lomwe limasunga kaundula wa tizidutswa tonse todziwika, lidalemba poyera kuti umboni wochuluka ukuonetsa kuti pentaquark imeneyo kulibe.

Taonani apa. Amene adagwetsa nkhaniyo sadali adani ayi. Ena mwa iwo adali eni ake omwe adailengeza. Adabwerera, n'kuyezanso, n'kuuza dziko lonse kuti tidalakwitsa. Maso a munthu amafulumira kuona chomwe mtima ukuyembekezera, makamaka ngati wina wanena kale pomwe chili.

Nkhani yachiwiri ya 2003 idachokera ku gulu la Belle mumzinda wa Tsukuba. Iwo adapeza kachidutswa komwe sikamagwirizana ndi mndandanda wa ma quark awiri kapena atatu, n'kukatcha X(3872). Chilembo cha X chidali chovomereza kuti sakukadziwa, ndipo nambalayo ndi kulemera kwake. Aka ndiye kadapirira. Magulu ena ku America adakaonanso, pambuyo pake ku Geneva adakaonanso, ndipo ambiri amakatenga ngati chiyambi cha ma hadron achilendo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Pofuna kupewa manyazi ngati a Theta-plus, akatswiri a nthambi imeneyi ali ndi muyeso wokhwima. Salengeza kuti apeza chinthu pokhapokha mwayi woti muluwo wangochitika mwangozi ukhale wochepa ngati kamodzi pa maulendo 3.5 miliyoni. Zili pafupifupi ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba maulendo 22 motsatizana, yonseyo n'kumagwera mbali ya tambala.

Mu 2013 gulu la BESIII la ku Beijing pamodzi ndi la Belle adapeza kachidutswa kena ka ma quark anayi kotchedwa Zc(3900). Mu 2014 gulu la LHCb la ku CERN lidatsimikiza kena komwe Belle idaona mu 2007. Kenaka mu July 2015, patatha zaka 51 chilembereni Gell-Mann, LHCb idalengeza kuti yapeza pentaquark. Chosangalatsa n'chakuti iwo sadali pa ulenje wa pentaquark. Ankafufuza zina, mulu wachilendo n'kuonekera pa zotsatira pafupifupi 26,000. M'malo mothamangira kwa atolankhani, adatha miyezi akuyesa njira iliyonse yomwe ikadafotokoza muluwo popanda pentaquark. Zonse zitakanika m'pamene adalankhula.

Ngakhale apo sadakhale pansi. Mu 2019, atasonkhanitsa zotsatira zochuluka kasanu ndi kanayi, adapeza kuti umodzi mwa milu ya 2015 udali milu iwiri yoyandikana, ndipo adapezanso wina watsopano. Adakonzanso zomwe adanena okha. Mu 2021 adalengeza tetraquark ina yokhalitsa kuposa zinzake, ndipo mu July 2022 adaonjezera pentaquark imodzi ndi ma tetraquark awiri. Pofika 2024 makina a ku Geneva aja adali atatulukira ma hadron atsopano oposa 70, ndipo oposa 20 mwa iwo adali achilendo.

Mkangano womwe zotsatirazi zidadzutsa ndi wa kakhalidwe ka ma quark asanuwo. Ena akuti ndi banja limodzi la anthu asanu ogona m'nyumba imodzi. Ena akuti ndi mabanja awiri, la atatu ndi la awiri, omwe angogundana mpanda. Zotsatira za 2019 zidapatsa mphamvu a ganizo lachiwirili, poti kulemera kwa ma pentaquark aja kudapezeka kuti kwangotsala pang'ono kufanana ndi kwa mabanja awiriwo mukawaphatikiza.

Nanga ife tidya pentaquark?

Ili ndi funso lomwe mlimi wa mpunga m'mbali mwa mtsinje wa Domasi ali ndi ufulu kufunsa, ndipo yankho loona ndi lakuti ayi. Pentaquark sidzatsitsa mtengo wa feteleza. Palibe fakitale yomwe ikuigwiritsa ntchito. Phindu lake n'lakuti ikuthandiza kumvetsa mphamvu ija yomanga ma quark, yomwe ndiyonso imagwira mtima wa atomu iliyonse. Ma quark paokha amapereka pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 100 a kulemera kwa proton. Kotsalako kumachokera ku mphamvuyo. Ndiye kuti mukakwera pasikelo kuchipatala, zambiri zomwe sikelo ikuwerenga ndi mphamvu yomwe akatswiri sadaimvetsetse mpaka pansi.

Komabe ulenje wotere umasiya zinthu m'njira. J.J. Thomson atatulukira electron mu 1897, palibe ankaganiza za foni yam'manja. Masamba a pa intaneti omwe timatsegula lero adayambira ku CERN mu 1989, pomwe Tim Berners-Lee ankafuna njira yoti ofufuza azigawana zolemba zawo.

Ndipo pali zina zomwe zafika kale pakhomo pathu. Kwa zaka zambiri Amalawi odwala khansa omwe ankafunika kuwotchedwa chotupa ndi cheza ankayenera kupita kunja, ndipo ambiri sankakwanitsa. Chithandizochi chidayamba kupezeka ku Blantyre mu 2024, ndipo mu 2025 boma lidatsegulira National Cancer Centre ku Lilongwe. Makina owotchera khansa amakono ndi mng'ono wake wa makina a ku Geneva: amathamangitsa ma electron kuti atulutse cheza. Dokotala amanena mlingo womwe wodwala akufunika, koma woonetsetsa kuti makinawo akutulutsadi mlingo umenewo ndi katswiri wa fizikisi. Akalakwitsa muyeso, chotupa sichipsa kapena mnofu wabwino umapsa nawo.

Chimodzimodzi ndi mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, womwe udatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014, ntchito n'kudzayambiranso mu 2025. Dziko lino lidalowa m'bungwe la International Atomic Energy Agency mu 2006 ndipo lidakhazikitsa lamulo loona za cheza mu 2011. Koma lamulo papepala siliyeza madzi a mumtsinje. Pamafunika Mmalawi wodziwa kugwira chipangizo, kuyeza, kubwereza, n'kunena zoona ngakhale zitakhala zosakomera bwana. Munthu wotereyo sabadwa ku yunivesite. Amayambira mu Fomu 1.

M'mera mpoyamba

Domasi si yachilendo pa ntchito yosula aphunzitsi. Amishoni a Church of Scotland adakhazikika kumeneko mu 1884, ndipo mu 1929 boma la atsamunda lidatsegulako Jeanes Training Centre. Vuto la kaphunzitsidwe ka sayansi nalonso si lachilendo. Maphunziro a pulaimale ataulere atayamba mu 1994, ana ofuna malo ku sekondale adachuluka zedi. Mu 1998 malo ophunzirira omwe kale ankatchedwa ma MCDE kapena ma DEC adasandutsidwa ma CDSS, ambiri opanda labotale, ndipo aphunzitsi ambiri adatengedwa ku pulaimale.

Mu 2004, chaka chimodzi Belle itapeza X(3872), dziko lomwelo la Japan kudzera m'bungwe la JICA lidathandiza kuyambitsa pologalamu ya SMASSE kuno, ndipo idayambira m'chigawo cha maphunziro cha kummwera chakummawa, koleji ya Domasi ili pakati pa ntchitoyo. Cholinga chake chidali chakuti mphunzitsi asamangolankhula yekha, ana azigwira ndi kuyesa, ngakhale ndi zipangizo zopanga okha kuchokera ku zopezeka pamudzi. Mu 2015, chaka chomwe pentaquark idapezeka, silabasi yatsopano ya sekondale idayamba kulowa m'sukulu, ndipo phunziro la Physical Science lidagawidwa pawiri kukhala fizikisi ndi kemisitire.

Maganizo onsewa ndi abwino. Koma kugawa phunziro pawiri sikumanga labotale, ndipo mphunzitsi wochokera ku maphunziro a SMASSE akabwerera kusukulu amakumana ndi kalasi yodzaza, silabasi yaitali ndi makolo ofuna mapointi. Zikatero njira yachidule imakhala yomweyo ya kale. Zoipitsitsa zimachitika pa tsiku lomwe ana apatsidwa mwayi woyeza: mwana akapeza nambala yosiyana ndi ya m'buku, amaifufuta n'kulemba ya m'bukuyo kuti asachongedwe molakwa. Ameneyo waphunzira kuona chomwe wauzidwa kuti aone, matenda omwe aja adagwetsa Theta-plus.

Zotheka popanda mabiliyoni

Palibe akunena kuti tikumbe ngalande ya makilomita 27 pansi pa phiri la Zomba. Ngakhale maiko olemera a ku Ulaya adachita kusonkherana, poti mutu umodzi susenza denga. Koma pali zitseko zomwe n'zotsegula kale.

Choyamba, chilengedwe chimawombanitsa tizidutswa kwaulere pamwamba pathu. Ma proton ochokera kuthambo amamenya mpweya makilomita angapo m'mwamba n'kupanga ma hadron otchedwa ma pion, omwe amasweka n'kutulutsa ma muon. Mukatambasula chikhato, pafupifupi muon imodzi imadutsapo pa sekondi iliyonse, kaya muli ku Geneva kaya pa Domasi. Pion imeneyi idatulukiridwa mu 1947 popanda makina aakulu. Cecil Powell ndi anzake, mmodzi mwa iwo César Lattes, mnyamata wa ku Brazil wosakwana zaka 25, adangoika mafilimu apadera ojambulira pamwamba pa mapiri a ku France ndi ku Bolivia. Lero, ndi kabokosi koonekera m'kati, spirit ndi chozizira kwambiri chotchedwa dry ice, mphunzitsi akhoza kuonetsa ana timizere tomwe tizidutswati timasiya podutsa. Wophunzira za uphunzitsi amene waona zimenezi ndi maso ake sadzaphunzitsanso atomu ngati nthano.

Chachiwiri, kuyambira 2014 CERN idayamba kuika zotsatira za kafukufuku wake pa intaneti kuti aliyense azitenge kwaulere, ndipo kuyambira 2005 pakhala pologalamu yomwe ana a sekondale m'maiko ambiri amatha tsiku limodzi akusanthula zotsatira zenizeni mothandizidwa ndi akatswiri. Chofunika ndi makompyuta, magetsi ndi mphunzitsi wa fizikisi wotsogolera. University of Malawi, yomwe ili ndi nthambi ya fizikisi, ili pamtunda wosakwana ola limodzi kuchoka pa Domasi.

Chachitatu, anzathu mu Africa muno adayamba kale. Akatswiri a ku Morocco ndi South Africa amagwira nawo ntchito ku CERN. Sukulu ya African School of Physics, yomwe mmodzi mwa oyambitsa ake ndi Ketevi Assamagan wa ku Togo, idayamba mu 2010 ku Stellenbosch ndipo yachitikapo ku Ghana, Senegal, Rwanda ndi Namibia. Imalandira ophunzira ochokera m'maiko onse a mu Africa. Koma safunsa adadya phula: mwayi wotere umapita kwa amene aphunzitsi awo akuudziwa.

Chachinayi sichifuna ndalama n'komwe. Okonza silabasi ndi olemba mabuku akhoza kuika nkhani ya Theta-plus pambali pa nkhani za opambana, kuti mwana adziwe kuti akatswiri nawo amalakwa ndipo ulemu wawo uli pa kubwereza. Ochonga nawo akhoza kupereka malikisi kwa mwana amene walemba nambala yomwe wapezadi n'kufotokoza chifukwa chake yasiyana ndi ya m'buku, m'malo mwa amene wakopera yankho loyera.

Ana omwe ali mu Fomu 1 lero ndiwo adzayeze cheza pa makina a khansa ku Lilongwe ndi madzi a ku Kayelekera zaka zikubwerazi. Mayi wodwala amene adzagone pansi pa makinawo sadzafunsa ngati katswiriyo adaloweza proton, neutron ndi electron. Moyo wake udzadalira ngati katswiriyo adaphunzitsidwa kuyeza kawiri, ndiponso kunena zoona nambala ikakana kugwirizana ndi buku. Khalidwe limenelo mwana amalitengera kwa mphunzitsi wake, ndipo ambiri mwa aphunzitsiwo amasulidwa ku Domasi.